Liwu Loti "Mphamvu" Lisasenze Katundu wa Mawu Atatu

Munthu akayenda m'misika ya Nsaru, Kabudula ndi Namitete masiku ano, amapeza masola, mabatire ndi mababu zili mbwee, ndipo nkhani za magetsi zimakambidwa m'Chicheŵa. Komatu ife olemba ndi omasulira tatsalira m'mbuyo. Kaŵirikaŵiri tikakumana ndi mawu a Chingerezi oti voltage, current ndi power, onse atatu timangowatcha "mphamvu". Chizoloŵezi chimenechi ndi ulesi, ndipo chimasokeretsa oŵerenga.

Tiyeni tione. M'chaka cha 1827, Georg Ohm wa ku Germany adasindikiza lamulo logwirizanitsa zinthu zitatu: chimene chimakankha magetsi, kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda m'nthambo, ndi chimene chimapinga kuyenda kwakeko. Tikatsata kamasuliridwe kathu kaja, mphunzitsi adzati, "Chulukitsani mphamvu ndi mphamvu kuti mupeze mphamvu." Kodi mwana angatolepo chiyani pamenepa?

Maganizo athu ndi akuti choyambacho tizichitcha chikankho, chachiŵiri mayendedwe, chachitatu chopinga, ndipo liwu loti mphamvu litsalire ntchito imene magetsi akugwira pa sekondi iliyonse. Mlimi wothirira dimba savutika nazo: pampu imakankha, madzi amayenda, ndipo paipi yopapatiza imapinga. Tikatero samu imaneneka bwino. Batire ikakhala ndi chikankho cha mavoloti 12, babu nkumakoka maampeya 2, gaŵani 12 ndi 2 mupeze chopinga cha maomu 6. Chulukitsani 12 ndi 2 mupeze mphamvu ya mawati 24.

Izi si za m'kalasi zokha ayi. Chipangizo cha mawati 60 chimakoka maampeya 5 pa batire ya mavoloti 12, pamene cha mawati omwewo pa magetsi a ESCOM, a mavoloti 230, chimangokoka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ampeya. Wouzidwa kuti batire ili ndi "mphamvu yochepa" amagula nthambo yowonda. Nthambo yotero chopinga chake nchachikulu, imatentha, ndipo pansi pa denga laudzu mapeto ake ndi moto. Liwu losalongosoka lingathe kuotcha nyumba.

Maina a miyeso sitiyenera kuwamasulira, pakuti ndi a anthu: Alessandro Volta, André-Marie Ampère, James Watt ndi Ohm yemweyo. Chofunika ndi kalembedwe. Phatikizo la Chicheŵa limathera ndi lembo la liwu, choncho tizilemba voloti, ampeya, omu ndi wati. Tipewe kulemba "mavoti 12", chifukwa voti ndi ya pa chisankho. Zizindikiro za V, A ndi W zisasinthe, popeza ndizo zimene wogula amaziona pa chipangizo.

Ena adzati mawu ameneŵa ngachilendo, ndipo sayansi ku sekondale imaphunzitsidwa m'Chingerezi. Nzoona, koma mmisiri wochokera ku sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete akafika pakhomo, amafotokozera mwini nyumba m'Chicheŵa. Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatisiyira malamulo a kalembedwe. Kusula mawu a luso ndi ntchito imene ikudikirabe. Aphunzitsi ndi akonzi, yesani mawu ameneŵa pa ophunzira ndi amisiri, ndipo amene apeze oposa aŵa atilembere. Mutu umodzi susenza denga.