Mau a Jeli ndi Tsamba la Buku: Kuwerenganso Ndakatulo ya Sundiata

M'caka ca 1970, Ruth Finnegan, m'buku lake la Oral Literature in Africa, anakayika ngati ndakatulo zazitali zosimba za ngwazi zimapezekadi mu Afirika kumwera kwa cipululu ca Sahara. Isidore Okpewho anatsutsa ganizo limeneli mu The Epic in Africa m'caka ca 1979, ndipo lero mtsutsowo unazirala. Funso limene latitsalira ndi la m'kalasi. Pamene tipatsa ophunzira athu mbiri ya Sundiata, ngwazi imene inayambitsa ufumu wa Mali, kodi cimene tikuwawerengetsa ndi ciani makamaka?

Ambiri a ife tinaidziwa mbiriyi kudzera m'buku la Djibril Tamsir Niane, limene linasindikizidwa m'Cifalansa mu 1960 ndi kumasuliridwa m'Cingerezi ndi G. D. Pickett mu 1965. Niane akunena kuti anaimva kwa Mamoudou Kouyaté wa ku Guinea, amene anali jeli, ndiye kuti mlakatuli wosunga mbiri ya mafumu, amene amalandira nchitoyi kwa makolo ake. Ubwino wa bukuli ndi wosabisika. Tiyeni tione cigawo ca mlambe. Sundiata wafika zaka 7 akali kukwawa. Mai wake, Sogolon, akupita kukapempha masamba a mlambe a ndiwo kwa mkazi mnzake, Sassouma Bérété, ndipo akubwerako ndi citonzo cakuti mwana wake sangathe ngakhale kumuthyolera ndiwo. Tsiku lomwelo mwanayo akuimirira, ndodo yacitsulo imene wagwira ikupindika, ndipo akuzula mtengo wonse nauika pakhomo pa amace. Ufumu waukulu ukuyambira pa nkhani ya ndiwo ndi nsanje ya pamitala. Woimba mbiriyi anadziwa kuti omvera adzamva msanga manyazi a Sogolon koposa kukula kwa dziko la Mali.

Komabe tiyenera kuvomereza kuti cimene Niane anatipatsa si ndakatulo monga inaturukira m'kamwa mwa jeli. Iye anailemba m'ndime za nkhani wamba, naigawa m'mitu, naisalaza kuti iyende ngati buku la mbiri yakale. Cimene cinatayika timaciona tikatsegula The Epic of Son-Jara ya John William Johnson (1986), yocokera pa kuimba kwa Fa-Digi Sisòkò kumene kunajambulidwa ku Kita, m'dziko la Mali, mu 1968. M'menemo muli mizere yoposa 3,000, ndipo woimbayo amasinthasintha njira zitatu: kusimba nkhani, kuchula mau otamanda pamodzi ndi miyambi, ndiponso kuimba nyimbo. Pafupifupi mzere uliwonse uli ndi yankho la munthu wina wokhala pambali, amene nchito yake ndi kuvomereza zimene jeli wanena.

Owerenga ena amaona mayankho amenewa ngati zinyalala zocedwetsa nkhani. Ife olankhula Cinyanja sitiyenera kulakwa cotero, pakuti tidziwa kuti wosimba nthano sapitirira ngati omvera aleka kuyankha kuti "tili tonse". Yankho limapatsa woimba mpata wopuma ndi kukonza mzere wotsatira, ndiponso limacitira umboni kuti anthu alandira zimene zanenedwa. Tikalicotsa, jeli amatsala akulankhula yekha ngati mlembi wa m'cipinda.

Vuto laciwiri ndi lakuti buku limodzi limatinamiza kuti mbiriyi ili ndi maonekedwe amodzi. Mu 1974 Gordon Innes anasindikiza Sunjata: Three Mandinka Versions, m'mene muli kuimba kwa Bamba Suso, Banna Kanute ndi Dembo Kanute a ku Gambia. Atatuwa amasiyana pa zimene amatsindika ndi zimene amalumpha. Albert Lord, mu The Singer of Tales (1960), atafufuza oimba a ku Yugoslavia, anaonetsa kuti woimba wotere saloweza mau onse pamtima, koma amaumba ndakatulo mwatsopano nthawi iliyonse pogwiritsa nchito magulu a mau ozolowereka. Motero kufunsa kuti Sundiata weniweni ndi uti ndi kufunsa funso la m'nyumba yosindikizira mabuku, osati la pabwalo.

Cacitatu ndi cizolowezi coyesa ndakatuloyi ndi muyeso wa mbiri yakale basi. Zoona, akatswiri ambiri amaika nkhondo ya ku Kirina ca m'ma 1235, ndipo Ibn Khaldun, wolemba wa m'zaka za m'ma 1300, anachula mfumu ya Mali yochedwa Mari Jata. Koma wophunzira wongofunsa kuti "kodi zinacitikadi?" adzasowa conena akafika pa kugonja kwa Soumaoro Kanté, mfumu ya Sosso, amene mphamvu zake zinatha atakhudzidwa ndi muvi wokhala ndi cikhadabo ca tambala woyera. Cinsinsi cimeneci cinaululika kudzera mwa Nana Triban, mlongo wa Sundiata, amene anakwatiwa ndi Soumaoro mokakamizidwa. Apa ndakatuloyi ikuphunzitsa za ulamuliro: mphamvu iliyonse ili ndi cowinda cake, ndipo mfumu yolanda akazi ndi oimba a anzake imadzilowetsera yokha mdani m'nyumba.

Sitikunena kuti buku la Niane licotsedwe m'masukulu. Ndi khomo labwino, koma tisagone pakhomo. Tikupempha aphunzitsi anzathu kuti aike cigawo cimodzi ca Niane pambali pa cigawo cofanana naco ca Johnson kapena Innes, ndi kufunsa ophunzira cimene cawonjezedwa ndi cimene casiyidwa. Mizereyo iwerengedwe mokweza, wina akutsogolera, kalasi likuyankha. Wophunzira amene wamva ndi makutu ake kusiyana kumeneku adzayamba kumvetsera mwa njira ina ngakhale nthano ndi nyimbo zotamanda mafumu za kumudzi kwao.