Tsabola, chikasu ndi chammwamba pa matenda a shuga: zimene kafukufuku wa 1998 sanasonyeze

Pa nkhani yothandiza thupi kuyamwa mankhwala a m'zomera, kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri ndi wa Shoba ndi anzake, wa ku Bangalore m'dziko la India, wofalitsidwa mu 1998. Anthu anapatsidwa magalamu 2 a curcumin, mankhwala opezeka mu chikasu, pamodzi ndi mamiligalamu 20 a piperine wochokera mu tsabola wakuda. Curcumin wolowa m'magazi anachuluka pafupifupi ka 20 kuposa atamwedwa yekha.

Chiwerengerochi n'chokopa, koma si choti mlangizi wa ku EPA ya Phalula apite nacho kwa alimi. Anthu oyesedwawo anali ochepa, ndiponso sanali odwala shuga. Chimene chinayezedwa ndi kuchuluka kwa curcumin m'magazi, osati kutsika kwa shuga. Komanso ufa wa chikasu umakhala ndi curcumin wa pakati pa magalamu 2 ndi 5 pa 100 alionse, kotero mulingo uja umafuna ufa wosachepera magalamu 40. Palibe amene amathira wotere mu ndiwo.

Dzina nalonso limasokoneza. Piperine amapezeka mu tsabola wakuda, Piper nigrum. Kambuzi ndi tsabola wina wa m'dimba alibe mankhwalawa ngakhale awawe chotani.

Chomera chimene chimakula bwino ku Phalula, kotentha ndi kwa mvula yochepa, ndi chammwamba, ndipo kafukufukuyu sanachikhudze n'komwe. Mankhwala a m'masamba ake amene akatswiri akuwafufuza pa nkhani ya shuga amapangika tsamba likasinjidwa kapena kutafunidwa, ndipo chimene chimawapanga chimawonongeka masamba akawira nthawi yaitali. Apa ndiye mlimi wotsogolera ali ndi chophunzitsa: kuyanika masamba pamthunzi, kusawaphika mopitirira, kusathira soda kapena chidulo. Izi zimateteza zofunika m'ndiwozo, koma sizisandutsa chammwamba kukhala mankhwala a shuga.

Pali choopsanso. Piperine amachedwetsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, ndiye wodwala amene akumwa glibenclamide akhoza kutsika shuga mopitirira, kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta mpaka kukomoka. Mlimi wodwala shuga akafunsa za ufa uliwonse wotere, mlangizi amuuze kuti asasiye metformin kapena mankhwala ena amene anapatsidwa, ndipo atenge ufawo akauonetse kuchipatala tsiku lokayezetsa shuga.