Mizere 100 ya Chekhov: Malipiro ndi Luso la Mlembi Waganyu

Munthu amene amalemba nkhani moyima payekha, wopanda malipiro a pamwezi, amapeza ndalama m'njira zingapo. Mkonzi amatha kumulipira powerenga mawu kapena mizere, kapena awiriwo amapangana mtengo umodzi wa nkhani yonse. Makampani ena a pa intaneti amalipira potengera kuchuluka kwa anthu amene atsegula nkhaniyo, ndipo masiku ano owerenga eniake amatha kumamusonkhera mlembi mwezi ndi mwezi. Alangizi ambiri amazikamba njirazi ngati nkhani ya m'thumba basi: iti ili ndi ndalama zambiri, iti salipira mochedwa. Koma malipiro amalowerera mpaka m'kati mwa chiganizo. Chimene wolipira amawerenga ndi chimene dzanja la mlembi limazolowera kuchulukitsa, ndipo pakapita zaka chizolowezicho chimasanduka kalembedwe kake. Choncho mlembi akamasankha kogulitsa nkhani zake, amakhala akusankhanso mphunzitsi, afune asafune.

Waganyu amene mwagwirizana naye kuti mumulipira pa mzere uliwonse wa m'munda amapalira mothamanga, udzu wina n'kumangoukwirira ndi dothi, ndipo mvula ikagwa kawiri udzuwo umatulukanso. Sikuti ndi wakuba. Akungotsata muyezo umene mwamupatsa. Alexandre Dumas, amene mu 1844 ankatulutsa Les Trois Mousquetaires pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya Le Siècle ku Paris, ankalipidwa pa mzere, ndipo mzere wa liwu limodzi unkawerengedwa ngati mzere ndithu. N'chifukwa chake anthu a m'mabuku ake amakonda kuponyerana timafunso ndi timayankho tatifupitifupi mpaka tsamba kudzaza. Kwa Dumas zimenezi zinapatsa nkhani liwiro, poti munthuyo anali ndi khutu lakumva mmene anthu amakanganirana. Koma muyezo womwewo ukagwa m'manja mwa wopanda khutulo umangobala madeya. Tinaziona m'zaka za m'mbuyomu ndi Demand Media ya ku America, eni ake a tsamba la pa intaneti la eHow pa nthawiyo, imene inkapatsa alembi mitu yosankhidwa ndi kompyuta kuchokera pa zimene anthu akufufuza pa Google, n'kumalipira madola pafupifupi 15 pa nkhani. Pa mtengo wotere palibe amene angaimbire foni katswiri kapena kupita kukaona chinthu ndi maso. Kuti tsiku lipindule, munthu ankayenera kutulutsa nkhani zingapo dzuwa lisanalowe. Mu February 2011 Google itasintha kasankhidwe kake, kusintha kumene kunatchedwa Panda, nkhani za mtunduwu zinakankhidwira pansi, ndipo amene anazolowera kulemba motero anatsala ndi luso limene panalibenso wolifuna.

Pamenepa wina angafulumire kunena kuti ndalama ndiyo imaononga luso, kuti mlembi weniweni asalembere malipiro. Mbiri ya mlembi wa ku Russia Anton Chekhov imatsutsa zimenezo. Bambo ake, amene anali ndi sitolo ku Taganrog, anagwa m'ngongole mu 1876 n'kuthawira ku Moscow. Anton anawatsatira mu 1879 kukayamba maphunziro a udokotala, ndipo kuyambira mu 1880 ankadyetsa banjalo ndi tinkhani toseketsa timene ankagulitsa kumagazini, kawirikawiri pogwiritsa ntchito dzina loti Antosha Chekhonte. Sanabise kuti ankalembera ndalama. Mu 1882 anayamba kulembera Oskolki, magazini ya ku St Petersburg imene mkonzi wake anali Nikolai Leikin. Nayenso Leikin ankalipira pa mzere, makopeki 8, koma anaika malire: nkhani isapitirire mizere pafupifupi 100, ndipo ikhale yoseketsa. Malirewo ndi amene anasintha zonse. Mlembi wolipidwa pa mzere popanda malire amapindula akatalikitsa. Wolipidwa pa mzere koma atatsekeredwa pa 100 sangapindule ndi kutalikitsa, amapindula pokhapokha nkhaniyo ikalandiridwa ndipo mkonzi akafunanso ina sabata yamawa.

Taonani zimene malirewo anabala m'kankhani ka mu 1883 konena za imfa ya kalaliki wa boma. Kalalikiyo, Chervyakov, ali kuholo ya zisudzo, wayetsemula, malovu n'kugwera pa dazi la mkulu wina, Brizzhalov, amene sali n'komwe bwana wa ku ofesi yake. Akupepesa, mkuluyo akuti zilibe kanthu. Pa nthawi yopuma akupepesanso. Mawa lake wavala bwino, wameta, wapita ku ofesi ya mkuluyo kukapepesa, ndipo mkucha wapitanso, mpaka mkuluyo watopa n'kumukalipira kuti achoke. Kalaliki uja wafika kunyumba, wagona pa mpando osavula n'komwe yunifolomu, wamwalira. Chekhov sanatiuze za ubwana wa munthuyu, sanatilalikire za nkhanza za maudindo m'boma la Russia, sanafotokoze maonekedwe a nyumba. Analibe malo. Mantha onse a munthu wamng'ono pamaso pa wamkulu anawaika m'chinthu chimodzi chobwerezedwa, kupepesa, ndipo imfa anaipatsa chiganizo chimodzi. Kuyamba nkhani zinthu zili kale pakati, kusiya chochitika kuti chidzilankhulire chokha, kuleka pamene wowerenga akuyembekeza ndemanga: zimene dziko lonse linadzaphunzira kwa Chekhov wamkulu zikuoneka kale m'kantchito ka makopeki aka. Amene amalembera masamba a Chichewa m'nyuzipepala zathu, monga Tamvani ndi Tikambe, n'kumadandaula kuti malo ndi ochepa, ali m'kalasi yofanana ndi imeneyi, ngakhale kuti sakonda kuuzidwa choncho.

Pali chotsutsa champhamvu, ndipo chikuchokera kwa Chekhov mwiniwake. Iye ankadandaula ndi malire a Leikin, ndipo zambiri zimene analemba m'zaka zimenezo zinali zotayika: nthabwala za apongozi, timawu tapansi pa zithunzi, tinkhani ta nyengo. Mu March 1886 mlembi wachikulire Dmitry Grigorovich anamulembera kalata yomuuza kuti ali ndi mphatso yeniyeni koma akuiononga ndi changu, ndipo bwino achepetse liwiro. Kodi umenewu si umboni woti ganyu anangomuchedwetsa? Ayi, ukungotiuza kuti sukulu ili ndi nthawi yake yotulukamo. Grigorovich anaona mphatsoyo m'nkhani zimene Chekhov ankagulitsa kunyuzipepala ya Peterburgskaya Gazeta, ntchito yolipidwa pa mzere yomweyo. Ndipo Chekhov atamva uphunguwo sanasiye kulembera ndalama, anangolimbikira pa msika watsopano. Chaka chomwecho anali atayamba kulembera Novoye Vremya ya Alexei Suvorin, imene inkapereka makopeki 12 pa mzere ndi malo okulirapo, ndipo kumeneko ankasaina dzina lake lenileni. Mu 1888 nkhani yake yaitali ya ulendo wa mnyamata wodutsa m'chidikha cha kumwera kwa Russia inatuluka m'magazini yaulemu ya Severny Vestnik, ndipo chaka chomwecho analandira mphoto ya Pushkin. Malo atakula, chizolowezi chosataya mawu anapita nacho. Akanapatsidwa masamba opanda malire ali ndi zaka 20, sindikhulupirira kuti akanadziwa chochotsa.

Chotsutsa china n'chakuti wanjala sasankha. Lendi ikafika, mlembi amalandira ntchito iliyonse, kaya ndi ya pa tsamba la pa intaneti lopezerapo ganyu la Upwork kaya ya pa linzake la Fiverr, limene linayamba mu 2010 ndi ntchito za madola 5. Zimenezi n'zoona, ndipo palibe chifukwa chomunyozera. Koma ngakhale pakati pa ntchito zotsika mtengo pali kusiyana. Ina imawerengedwa ndi munthu amene angathe kuibweza n'kunena kuti ndime yachiwiri ilibe ntchito. Ina imangowerengedwa ndi makina amene akuona ngati mawu akwana 800 ndiponso ngati liwu lofufuzidwa labwerezedwa mokwanira. Zonse zingalipire mofanana lero, koma yoyambayo ikumusiyira mlembi kanthu kokagulitsa pa mtengo wokwera chaka chamawa. Yachiwiriyo ndiyonso ntchito imene mapulogalamu olemba okha, kuyambira pamene ChatGPT inatuluka mu November 2022, amaigwira m'kanthawi kochepa.

Ena amati yankho ndi kuthawa akonzi onse n'kumalipidwa ndi owerenga mwachindunji, monga pa Substack, imene inayamba mu 2017 ndipo imatengako 10 peresenti ya zimene owerenga apereka. Ufulu ulipodi pamenepo, ndipo alembi amene anali kale ndi dzina apindula nawo. Komatu napo pali chimene chikuwerengedwa: kuti amene analipira mwezi uno asachoke mwezi wamawa. Muyezo umenewu umaphunzitsa kulemba pafupipafupi ndi kuuza anthu zimene anabwerera kudzamva, ndipo palibe Leikin woti n'kudula. Kwa mlembi amene anadutsa kale pansi pa lumo la mkonzi, zimenezi sizoopsa kwenikweni. Kwa woyamba kumene, nkhani zimangonenepa popanda womuuza.

Phindu la nkhani yolembedwa mothina limaonekeranso pakuti imagulitsidwa kawiri. Mu 1899 wosindikiza mabuku Adolf Marks anagula umwini wa zolemba za Chekhov pa maruble 75,000. Anzake a Chekhov anaona kuti wagulitsa motchipa, poti Marks anabweza ndalama zake mosachedwa, ndipo limeneli ndi chenjezo kwa aliyense wosaina pangano lopereka umwini wonse. Koma panganolo linamukakamiza kufunafuna tinkhani take takale m'magazini a zaka za m'ma 1880 n'kutiwerenganso ndi diso la munthu wokhwima. Tambiri anatikana kuti tisalowe m'mabuku ake. Timene anatisunga anatikonzanso, n'kudulabe mawu ena, ndipo kalaliki woyetsemula uja anali m'gulu la totsalato.