Muadhini Wam'thumba: Tiwakhulupirire Mpaka Pati Mapulogalamu a Nthawi za Swala?

M'mwezi wa Ramadhan wapitawu, mayi wina wa kuno ku Chikamveka amene ana ake ndimawaphunzitsa ku madrasa anandiimitsa pakhomo la mzikiti. "Mwalimu," anatero, "kunyumba kuli mafoni atatu: yanga, ya bambo a ana ndi ya mnyamata wathu wamkulu. Lero m'bandakucha ya mnyamata yalira adhana ine ndikumwa madzi. Yanga inali isanalire, ndipo ya bambo yalira titatsuka kale mbale. Kodi swaumu yangayi ilipo?" Ndinawafunsa ngati muadhini wa pamzikiti anali ataitana panthawi imene ankamwa madziwo, ndipo anati ayi. Ndinawatsimikizira kuti swaumu yawo ilipo, koma ndinapempha kuti mafoni onse atatu ndiwaone.

Zimene ndinapezamo ndizo zandichititsa kulemba nkhaniyi. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikutsegula mapulogalamu a nthawi za swala m'mafoni a makolo ndi a aphunzitsi anzanga, makamaka aulere aja amene ambirife tili nawo. Sinditchula dzina la iliyonse imene ndinaiyesa, chifukwa zofooka zake n'zofanana kwambiri.

Ndiyambe ndi ubwino wake, pakuti chilungamo chimafuna kutero. Msodzi amene wagona panyanja kutali ndi gombe, dalaivala wa galimoto yaikulu amene ali pamsewu wa ku Beira, mayi amene akudikirira wodwala m'chipatala, onsewa samva adhana ya pamzikiti, ndipo foni imawakumbutsa. Ngakhale kuno ku Zomba yatithandiza. Phiri lathuli ndi lotalika kupitirira mamita 2,000, ndipo m'madera ena a m'tsinde mwake dzuwa limabisala kuseri kwa phiri lisanalowe kwenikweni. Mwana amene watopa ndi njala akangoona mthunzi waphimba mudzi amathamangira kapu ya madzi. Akatswiri a fiqhi anafotokoza kale kuti wokhala pakati pa mapiri adikire kufikira kuwala kwa dzuwa kutachoka pansonga za mapiri ndiponso mdima utayamba kukwera kuchokera kum'mawa. Pulogalamu imawerengera kulowa kwa dzuwa ngati kuti dziko ndi lathyathyathya, choncho phiri siliinyenga. Pamenepa ndikuiyamikira.

Vuto limayamba tikaiwala kuti pulogalamuyi siona thambo. Imangotenga malo amene uli ndi tsiku la chaka, n'kuwerengera pamene dzuwa lili. Pa Dhuhr ndi Maghrib masamuwa sasiyana kwenikweni. Koma Fajr ndi Isha zimadalira kuwala kumene kumaoneka dzuwa lili pansi pa malekezero a thambo, ndipo mabungwe a Chisilamu sagwirizana kuti kuwalako kumayamba kapena kutha dzuwa lili pansi motani. Bungwe la Muslim World League limaika Fajr pa madigiri 18 ndipo Isha pa 17. Njira ya ku Egypt imaika Fajr pa 19.5 ndi Isha pa 17.5. Ya Umm al-Qura ku Makkah imaika Fajr pa 18.5, ndipo Isha imangoiika mphindi 90 pambuyo pa Maghrib, kapena mphindi 120 m'Ramadhan. Njira ya ISNA, yomwe inakonzedwera ku North America, imaika zonse ziwiri pa 15. Kuno kwathu digiri imodzi ndi mphindi zinayi ndi kanthu pang'ono.

M'nyumba ya mayi aja, foni ya mnyamata inali pa njira ya ku Egypt, yawo pa madigiri 18, ndipo ya bambo pa 15. Mayi amene anabwera ndi nkhawa anali pabwino. Amene anali pangozi ndi bambo, amene sanadandaule n'komwe. Foni yawo inkawalola kupitiriza kudya dakwi kwa mphindi zoposa 12 pambuyo pa nthawi imene ya mayi inalira, ndipo iwo sanadziwe kuti m'kati mwa foniyo muli chisankho chotere. Ichi ndicho cholakwa chachikulu cha mapulogalamuwa. Nkhani imene maulama akhala akukambirana amaikwirira pansi pa timabatani ta Chingerezi, amakusankhira okha njira osakuuza, kenako n'kulemba nthawi yeniyeni mpaka mphindi yake ngati kuti palibe chokayikitsa. Pulogalamu yoona mtima ikanafunsa funso limeneli tsiku loyamba, m'mawu omveka, n'kulangiza munthu kuti akafunse ku mzikiti wa kwawo.

Chimodzimodzinso Asr. Kwa a Shafi'i, amene ndiwo ambiri m'mizikiti ya m'mbali mwa nyanja, nthawi ya Asr imalowa mthunzi wa chinthu ukafanana ndi kutalika kwa chinthucho, kuwonjezera pa mthunzi umene unatsala dzuwa lili paliwombo. Kwa a Hanafi mthunziwo uyenera kutalika kawiri. Kuno kusiyana kwake kumakwana pafupifupi ola limodzi. Maganizo onse awiri ndi a maimamu olemekezeka, koma mayi amene akuswali yekha kunyumba ayenera kudziwa kuti foni yake ikutsatira ati. Ndaona anthu akuchedwetsa Dhuhr poganiza kuti nthawi idakalipo, pamene malinga ndi madhhab amene iwo eni amatsatira inali itadutsa kale.

Chachitatu ndi malo. Dziko limazungulira digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse, kotero kuti Dhuhr ya ku Lilongwe imabwera pafupifupi mphindi 6 pambuyo pa ya ku Zomba. Munthu akazimitsa intaneti posunga bandulo, mapulogalamu ena amangokhala pa malo amene anawadziwa komaliza. Choopsa kwambiri ndi mafoni amene abale athu amatitumizira kuchokera ku Joni. Wotchi ya South Africa ndi ya Malawi zimayendera limodzi, choncho foniyo imaonetsa ola lolondola ndipo palibe amene amakayikira kanthu. Koma Johannesburg ili kumadzulo kwa Zomba ndi madigiri oposa 7, ndipo Dhuhr yake imachedwa ndi pafupifupi theka la ola. Ndinapeza foni yotere m'manja mwa agogo ena amene anali ataigwiritsa ntchito miyezi ingapo. Nditawauza, anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mwanangu, ine ndimati foni sinama."

Kampasi ya Qibla, imene akuluakulu athu amaitcha chibula, ndiyo imandikhumudwitsa koposa. Kachipangizo ka m'foni kamene kamaloza kumpoto kamasokonezeka ndi chitsulo. Nyumba zathu zambiri n'zofolera ndi malata, mazenera ali ndi zitsulo zotchingira akuba, ndipo foni ili m'chikwama chokhala ndi maginito. Ndinaika mafoni anayi pamkeka umodzi m'kalasi mwathu ndipo muvi uliwonse unaloza kwake. Ana anaseka, koma ine ndinakumbukira mnyamata wina amene anafuna kukhotetsa mkeka wa abambo ake chifukwa foni yatero. Chibula cha ku Zomba ndi ku Mangochi chili pafupifupi madigiri 7 kuchoka kumpoto kwenikweni kupendekera kum'mawa, ndipo cha ku Nkhotakota ndi pafupifupi madigiri 9. Ilipo njira yotsimikizira imene sifuna batire. Kawiri pachaka dzuwa limakhala pamwamba penipeni pa Ka'ba: pa 27 kapena 28 Meyi nthawi ya 11:18 m'mawa pa wotchi yathu, ndiponso pa 15 kapena 16 Julayi nthawi ya 11:27. Panthawi imeneyo aliyense woyang'ana kumene kuli dzuwa wayang'ana ku Qibla. Zikani ndodo yowongoka pabwalo, jambulani mzere motsatira mthunzi wake, ndipo mzerewo ukulozerani Qibla mukaima kumapeto kwa mthunzi n'kuyang'ana ndodoyo. Ife a ku Zomba tisankhe tsiku la m'Meyi, chifukwa m'Julayi chiperoni chimatha kuphimba dzuwa.

Pa nkhani ya mwezi, mapulogalamu ambiri amaonetsa tsiku la Hijri motsatira kalendala yowerengeratu ya Umm al-Qura. Kalendala imeneyi ndi yothandiza pokonzekera, koma sinaone mwezi pathambo la Malawi. Chaka ndi chaka, madzulo a pa 29 Sha'ban kapena 29 Ramadhan, mafoni ena amakhala atasintha kale tsiku, mauthenga a Eid ayamba kuzungulira pa WhatsApp, pamene akuluakulu a Muslim Association of Malawi asanalengeze kanthu ndipo anthu adakali tcheru pa Radio Islam. Kusiyana maganizo pa kuona mwezi n'kwakale, sikunabwere ndi foni. Chimene foni yachita ndi kukulowetsa m'nyumba iliyonse, mpaka mwana wa zaka 12 akutsutsa imamu ndi chithunzi cha pafoni.

Palinso zotopetsa za tsiku ndi tsiku. Mafoni ambiri otsika mtengo amatseka okha mapulogalamu posunga batire, ndiye adhana imalira masiku atatu, lachinayi n'kukhala chete, munthu n'kudzuka dzuwa litatuluka. Magetsi akazima usiku wonse, muadhini wam'thumbayo amagona nawo limodzi. Pamapulogalamu onse amene ndinawayesa sindinapeze ndi imodzi yomwe yokhala ndi malangizo m'Chichewa kapena m'Chiyao. Ndipo zotsatsa malonda nazo n'zochititsa manyazi. Tsiku lina ndikuonetsa ana nthawi ya Asr, pansi pa mawu a adhana panatulukira chotsatsa cha juga ya mpira. Mwina wopanga pulogalamuyo sanachisankhe yekha, popeza malo otsatsira amagulitsidwa ndi makina, koma ndiye anatsegula khomo limene chinalowera.

Izi zikutifikitsa pa funso la mtengo weniweni wa zinthu zaulere. Mu Novembala 2020, atolankhani a Motherboard ku America analemba kuti uthenga wosonyeza malo amene anthu ogwiritsa ntchito pulogalamu ya Muslim Pro ali unkapita ku kampani ya X-Mode, yomwe inkagulitsa uthenga wotere kwa makampani ogwira ntchito ndi asilikali a dziko la America. Panthawiyo pulogalamuyi inali itatsitsidwa pafupifupi ka 98 miliyoni. Eni ake anakana kuti anagulitsa uthenga wa anthu kwa asilikali, ndipo analengeza kuti athetsa ubale wawo ndi X-Mode. Phunziro lake likutikhudza tonse. Pulogalamu ya swala imafuna kudziwa mzinda wako kamodzi kokha. Ikamapempha kukutsatira usana ndi usiku, kapena kuona manambala a anzako, dzifunse kuti uthengawo akupita nawo kuti. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Wina anganditsutse kuti muadhini wa pamzikiti nayenso amayang'ana ndandanda yosindikizidwa, mwinanso foni yomweyo. N'zoona, ndipo sindikunena kuti masamu ndi oipa. Asilamu ndiwo anakulitsa luso lowerengera nthawi za swala, ndipo m'mizikiti ikuluikulu ya ku Cairo ndi ku Damascus munkakhala katswiri wa ntchito imeneyi wotchedwa muwaqqit. Kusiyana kwake n'kwakuti ndandanda ya pamzikiti ili ndi mwini wake amene tingamufunse, ndipo mudzi wonse umaimirira ndi kumasula swaumu pamodzi. Foni ikalakwitsa palibe woyankha mlandu, ndipo nyumba imodzi imakhala ndi mbandakucha utatu.

Chimene chikundiwawa kwambiri monga mphunzitsi ndi ichi: nditafunsa ana a m'kalasi langa kuti Fajr imalowa liti, ambiri anayankha kuti foni ikalira. Palibe amene anatha kusiyanitsa mbandakucha wabodza, kuwala kumene kumakwera choimirira kenako n'kuzilala, ndi mbandakucha woona umene umayala chopingasa m'munsi mwa thambo n'kumawonjezereka. Inu a ku Nkhotakota ndi ku Salima muli ndi mwayi umene ife a m'tsinde mwa phiri tilibe, pakuti kum'mawa kwanu kuli nyanja yopanda chotchinga. A ku Makanjira nawo amaona dzuwa likulowa cha kunyanja. Tengani ana anu m'mawa umodzi wopanda mitambo, mukaime nawo pagombe, aone ndi maso awo chimene manambala a pafoni akuyesa kufotokoza.

Chigamulo changa ndi chakuti mapulogalamuwa ndi abwino pokumbutsa, ndi ofooka pophunzitsa, ndipo sayenera kupatsidwa udindo woweruza. Asungeni, koma muwakonze. Pitani ndi foni kwa imamu kapena mwalimu wa kwanu, muyerekeze nthawi zake ndi za pamzikiti kwa sabata imodzi, musankhe njira yowerengera ndi madhhab zogwirizana nazo, ndipo mafoni onse a m'nyumba akhale pa njira imodzi. Lembani dzina la mzinda wanu ndi dzanja, kenako muletse pulogalamuyo kukutsatirani. Pa dakwi siyani kudya mphindi zingapo nthawi isanakwane. Pa nkhani ya mwezi dikirani chilengezo. Ndipo kwa achinyamata athu amene akuphunzira za makompyuta ku University of Malawi kuno ku Zomba, ntchito ikukudikirani: pulogalamu yaing'ono ya m'Chichewa ndi m'Chiyao, yogwira popanda intaneti, yokonzedwa mothandizana ndi masheikh athu.

Mafoni atatu a m'nyumba ya mayi aja tsopano amalira limodzi, mphindi yomweyo imene muadhini wa ku Chikamveka amayamba kuitana. Bambo aja anabweza masiku amene anawakayikira, ndipo palibe amene anawakakamiza kutero. Allah ndiye Wodziwa koposa.