Chikuku cha Mphatso ndi Matope a ku Mulanje

Chaka ndi chaka, makamaka mwezi wa Ramadhan ukayandikira, timaona mwambo umodzimodzi: zikuku zatsopano zandandalikidwa pabwalo, akuluakulu alankhula, zithunzi zajambulidwa, anthu n'kubalalika ali okhutira. Ine ndakhalapo pa miyambo yotere kuno ku Mulanje, ndipo m'manja ndinaomba nawo. Patapita miyezi ingapo ndinapeza chimodzi mwa zikukuzo chili pakhonde, katayala kakutsogolo katathyoka, ana akuchiseweretsa, mwini wake ali chigonere pamphasa m'nyumba. Bamboyo anagwa mumtengo wa mapeyala n'kuvulala msana. Kuchokera m'chiuno kutsika m'munsi samva kanthu, koma mikono yake ndi yamphamvu kuposa yanga.

Vuto lili pa mtundu wa chikukucho. Zambiri mwa zimene timagawa zinapangidwira simenti yosalala ya m'chipatala, kuti namwino azikankha wodwala kuchoka pabedi kupita kojambula mafupa. Timatayala take takutsogolo timazika m'matope a m'njira za m'minda ya tiyi, ndipo inu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota mukudziwa kuti mchenga wa kunyanja umachita chimodzimodzi. Choopsa koposa ndi pokhalira pake, pamene pamangokhala nsalu yopanda khushoni. Munthu wovulala mtsempha wa mumsana samva kuwawa kumene kumatiuza enafe kuti tisunthe. Akakhala nthawi yaitali malo amodzi magazi sayenda bwino pakhungu, pamabuka chilonda, ndipo chilondacho chikalowa mpaka kufupa chimatha kupha. Mu 2008 bungwe la WHO linatulutsa malangizo okhudza kupereka zikuku m'mayiko osauka: munthu ayambe wayezedwa, chikuku chimukwane, aphunzitsidwe kuchigwiritsa ntchito, ndipo achezeredwenso pambuyo pake. Pa mwambo umene ndinali ine palibe anayezedwa. Ankangoitana mayina.

Zikuku zoyenera kumudzi zilipo. Bungwe la Motivation, limene David Constantine wa ku Britain anayambitsa ndi anzake mu 1991 iye mwini atavulala khosi, linatchuka ndi chikuku cha matayala atatu, lakutsogolo lili patali, chimene chimadutsa m'maenje osagubuduza wokwera.

Njinga yopalasa ndi manja ndimailemekeza kwambiri. Imasenza katundu, imafika pamsika wa Chitakale kapena wa Limbuli, ndipo aliyense wokonza njinga za kabaza angathe kuisintha tcheni, chubu ndi masipoko. Koma tisaikometse mopitirira. Zitunda za kuno zimatopetsa mapewa, pomwe mapewawo ndiwo miyendo yotsala ya mwini wake. M'nyumba siilowa, kuchimbudzi siifika, ndipo kondakitala wa minibasi akaiona amayang'ana kumbali.

Ndikatchula galimoto ena amaseka, ati munthu wosowa khushoni angalote bwanji chiwongolero. Komatu si onse ovulala msana amene anali osauka. Ena anali madalaivala, aphunzitsi, amalonda a pachipata cha Muloza, ndipo ntchito inawathera chifukwa chosowa choyendera basi. Galimoto zambiri zimene tikuitanitsa kuchokera ku Japan ndi za otomatiki, zopanda kilatchi. Zikatero phazi limatsala ndi ntchito ziwiri zokha, kuwonjezera moto ndi kuponda mabuleki, ndipo zonsezi zimasamutsidwira ku ndodo yachitsulo yomangidwa pafupi ndi chiwongolero: kukoka ndiko kuthamanga, kukankha ndiko kuima. Pachiwongolero amaikapo kachogwirira kozungulira kuti dzanja limodzi likwanire kukhota. Thabwa losalala limathandiza kusamuka kuchoka pachikuku kupita pampando. Wovulala khosi, amene manja akenso afooka, amafunika zambiri kuposa izi, ndipo sindifuna kumulonjeza zabodza.

Chimene ndikuopa n'chakuti titengeke ndi luso la owotcherera zitsulo athu, limene ndi lenileni, n'kuiwala kuti ndodo ya mabuleki ikamasuka pamsewu wa Midima amafa si woyendetsa yekha. Chitsulo chotero chiyenera kuyesedwa ndi odziwa, ndipo nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS ili ndi udindo wofalitsa m'Chichewa njira imene munthu waulumali angatsate kuti aphunzire, ayesedwe ndi kulandira laisensi. Dziko lathu linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene gawo 20 lake likunena za kuyenda mwaufulu pamtengo wofikirika. Tinakhala ndi lamulo la 2012, kenako la 2024. Bambo wa pamphasa uja malamulowa sanamufike.

Kwa makomiti athu amene amasonkhanitsa zakaat ndi sadaka, pempho langa ndi ili. M'malo mogula zikuku 20 za saizi imodzi, gulani zisanu zoyezedwa, chilichonse ndi khushoni yake. Lipirani ulendo wa wovulala kupita ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, kumene anthu otere amaphunzitsidwa kudzisamalira. Patulani ndalama ya matayala ndi mabeyaringi a chaka chamawa. Ndipo Lachisanu likudzali tawerengani masitepe amene ali pakhomo la mzikiti wanu. Pa wathu alipo anayi.