Maliro Osowa Chidindo

Filimu ya La muerte de un burócrata, kutanthauza imfa ya mkulu wa mu ofesi, anaikonza ndi Tomás Gutiérrez Alea ku Cuba m'chaka cha 1966. Ndi sewero loseketsa, koma nthabwala zake nzoluma.

Mmisiri wina amwalira atagwera m'makina amene anapanga yekha oumbira ziboliboli za José Martí. Pomulemekeza, amuika m'manda pamodzi ndi khadi lake la ntchito. Tsoka ilo, mkazi wamasiye sangalandire penshoni popanda khadilo. Juanchín, mwana wa mbale wa malemuyo, azungulira maofesi kupempha chilolezo chofukula, koma aliyense amulozera khomo lina. Atatopa, afukula mtembowo usiku mwakuba.

Apa ndi pamene pagona luso la Alea. Woyang'anira manda akana kuti mtembo uikidwenso, poti palibe chikalata chosonyeza kuti unafukulidwa. Kwa iye pepala ndilo loona, mtembo umene uli pamaso pakewo ndi bodza. Motero maliro agonera m'nyumba, achibale akuwaziziritsa ndi ayezi, miimba ili zungulizunguli pamwamba. Makalaliki a m'filimuyi si anthu oipa mtima. Akungotsata malamulo basi, ndipo choopsa nchomwecho.

Ndewu yogendana pa chipata cha manda, yotengera Laurel ndi Hardy, yatalika mopyola muyeso. Komabe pofika pamene Juanchín, mutu utasokonekera, akanyanga pakhosi woyang'anira manda uja, woonera amakhala atasiya kale kuseka. Mkuluyo aikidwa mwaulemu, popanda chovuta.