Tabuleti Yafika M'kalasi, Nanga Mphunzitsi Tamusiya Pati?

Kuyambira mu Seputembala 2023, Unduna wa Zamaphunziro wakhala ukupereka matabuleti m'sukulu za boma za pulayimale kudzera mu ndondomeko yotchedwa BEFIT. Ntchitoyi idayambira m'sukulu 500, ndipo cholinga chake n'chakuti ifike m'sukulu zonse za boma, zomwe zilipo pafupifupi 6,000, kuti mwana aliyense wa Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira kuwerenga ndi masamu pa chipangizo chogwira m'manja mwake. Oiyamikira amati isinthiratu maphunziro a dziko lino. Ife tikuona kuti ndi ntchito yoyenera kuilandira, koma lonjezo la kusinthiratu ndi lolemera kuposa umboni umene ulipo, ndipo lingatigoneke tulo pa zinthu zimene makina sangakonze.

Tiyambe ndi ubwino wake, poti ulipo ndithu. Pulogalamu ya m'matabuletiwa idapangidwa ndi bungwe la onebillion la ku Britain. Imayenda popanda intaneti, imayankhula Chichewa, ndipo moto wake umachokera ku magetsi a dzuwa. Mwana amavala mahedifoni, namva liwu la lembo, nalilemba ndi chala, ndipo akalakwa amadziwa pomwepo n'kuyesanso. M'kalasi ya ana opyola 100, monga zilili m'makalasi ambiri a Sitandade 1, mwana wamanyazi angathe sabata yathunthu mphunzitsi osamva liwu lake. Kwa mwana wotero, mphindi zimene ali ndi tabuleti ndi zake yekha. Kafukufuku wa Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham, amene adasindikizidwa mu 2015, adapeza kuti ana a pa sukulu ina ya ku Lilongwe adapita patsogolo pa masamu atagwiritsa ntchito matabuleti kwa masabata 8. Mu 2019, onebillion adali mmodzi mwa opambana awiri pa mpikisano wa Global Learning XPRIZE, umene udayesedwa m'midzi ya ku Tanzania.

Umboni umenewu uyenera kuwerengedwa modekha. Chimene chayenda bwino pa sukulu imodzi ya mumzinda, kwa masabata owerengeka, akatswiri akuyang'anira, sichidziwikiratu kuti chiyenda chimodzimodzi m'sukulu zikwizikwi, zina zopanda denga lokwanira. Dziko la Peru lidaphunzira izi movutikira. Lidagula makompyuta ang'onoang'ono opitirira 800,000 pansi pa ndondomeko ya One Laptop per Child, naligawira ana a m'sukulu za boma. Ofufuza a Inter-American Development Bank atayendera sukulu 319 zakumidzi, adalengeza mu 2012 kuti ana adazolowera ndithu kugwiritsa ntchito makompyuta, koma pa mayeso a masamu ndi a chiyankhulo sadapose anzawo amene adalibe. Makina adafika m'manja mwa ana, koma kaphunzitsidwe ka m'kalasi kadatsala pomwe kadali.

Apa m'pamene pagona nkhani. Maphunziro osakaniza amatanthauza kuti mwana alandira gawo lina kwa mphunzitsi, gawo lina pa chipangizo, ndipo magawo awiriwa akulankhulana. Tabuleti imakhala ndi mwana kanthawi kochepa pa tsiku, chifukwa ana amalandizana. Maola ena onse ali m'manja mwa mphunzitsi, amene nthawi zambiri ali yekha pamaso pa khamu, wopanda mabuku okwanira, wopanda nyumba pafupi ndi sukulu. Ngati ntchito yake pa nthawi ya matabuleti ingokhala kugawa, kuwerenga ngati akwanira, ndi kubwezera m'bokosi, ndiye kuti palibe chasakanizidwa. Mabanja athu amadziwa bwino za kumadrasa, kumene mwana amagwira yekha buku lake, koma chimene chimam'wongola ndi khutu la mwalimu womvetsera akamawerenga. Chipangizo chingauze mwana kuti walakwa. Wodziwa kuti walakwa chifukwa cha njala, mantha kapena maso ovutika kuona ndi munthu.

Mbiri yathu yomwe ikutichenjeza. Mu 1994, boma litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ana adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chidali chisankho chabwino, koma aphunzitsi ndi makalasi sadakonzedwe mokwanira, ndipo zikwi za aphunzitsi adalembedwa ntchito asadaphunzire uphunzitsi. Ngongole imeneyo tikubwezabe mpaka lero. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti matabuleti asanduke chowiringula chosalembera aphunzitsi ena ntchito.

Kuno kunyanja pali mafunso ena awiri. Loyamba ndi la chiyankhulo. Mwana wa ku Makanjira kapena ku Namwera amafika ku Sitandade 1 ndi Chiyao cha mayi ake, monga wa ku Nkhata Bay amafikira ndi Chitonga. Tabuleti ikamuuza chochita m'Chichewa, iye akuphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi: chiyankhulo ndi malembo. Womuolotsa pamenepo ndi mphunzitsi wodziwa chiyankhulo cha kwawo. Lachiwiri ndi la kujomba. Matabuleti amagona kusukulu. Mnyamata amene wachezera kudooko usiku wa usipa, kapena mtsikana amene watsala kuyanika nsomba pathandala ndi kulera ang'ono ake, sapindula kanthu ndi chipangizo chokhomeredwa mu ofesi ya ahedi. Vuto limeneli gwero lake ndi pakhomo, ndipo ife makolo sitingalikankhire kwa boma.

Ena amati njira yachidule n'kulola ana kubwera ndi mafoni awo kusukulu, monga zimachitikira m'maiko ena. Pano maganizo amenewa sitigwirizana nawo. Mwana amene bambo ake ali ku Johannesburg adzabwera ndi foni yamakono, pomwe mwana wa mlovi wokoka chilimira cha eni adzabwera chimanjamanja, ndipo kusiyana kwa pakhomo kudzalowa m'kalasi. Pa mfundo iyi BEFIT idasankha bwino: chipangizo ndi cha sukulu, ndipo wosauka ndi wopeza bwino amachigwira mofanana.

Chatsala ndi funso la mawa. Batire imatha mphamvu, galasi limasweka, zipangizo za sola zimafuna wokonza, ndipo akuba sagona. Gawo lalikulu la ndalama zoyambira ntchitoyi lidachokera kwa abwenzi akunja. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Tsiku limene thandizolo lidzaphwe, mtengo wokonza ndi kugula zatsopano udzagwera bajeti ya boma, ndipo ngati sudakonzekeredwe udzatsetserekera kwa makolo kudzera m'zopereka za kusukulu.

Choncho inu makolo anzathu, musakhutire ndi kumva kuti matabuleti adafika. Pa msonkhano wa komiti ya sukulu funsani kuti mwana amagwira tabuleti masiku angati pa sabata, ndi angati amene adawonongeka, akukonza ndani, ndiponso ngati mphunzitsi amatsatira m'kalasi zimene ana avutika nazo pa chipangizocho. Madzulo m'patseni mwanayo buku lake la Chichewa, kapena pepala lililonse lolembedwa, akuwerengereni mokweza. Akawerenga mzere umene miyezi itatu yapitayo unkamukanika, ntchitoyi ikubala zipatso, ndipo pitani mukathokoze mphunzitsi wake. Akamangodziwa pokanikiza chala koma osatha kutchula liwu, kauzeni komiti msanga, chaka chisadathe.